Jekete ya Zakeyu

Ndinaifukula pansi pa mulu, tsiku la msika pa Kamwendo,
belo atangolidula kumene,
tikukankhana ngati nkhuku pa madeya.
Ya jinzi, yozilala m'mapewa,
chigongono chakumanzere chitadyeka,
batani limodzi losiyana ndi anzake.
Wa kaunjika anati sikisi sauzande.
Ndinalowetsa chala pachibowo, iye akuona,
tinathera pa folo.

M'thumba lamkati munali tikiti ya basi
ya zilembo zomwe sinditha kuwerenga.
Mwini wake, kaya akali moyo,
anali ndi msana wofanana ndi wa mlongo wanga.

Kasokedwe aka ndinakatola kwa Mayi Harumi,
amene anabwera kudzatiphunzitsa masamu ndili Fomu 2.
Masamuwo anandilambalala.
Chinatsala ndi cha Lachitatu masana, pansi pa mthethe:
singano yaitali, ulusi woyera wa thonje,
kubaya kanayi usanakoke,
msoko uliwonse usapose njere ya mpunga.
"Sashiko," ankatero.
"Kwathu osauka ankasoka chonchi
kuti chovala chotha chionenso chisanu china."
Tinaseka. Ku Japan osauka?
Iwo sanaseke, anangojambula mafunde a nyanja yakwawo.

Ine nyanja sindinaionepo.
Ndinavundikira kapu pansalu,
n'kuzunguliza ndi kachidutswa ka sopo.
Masabata atatu, ana atagona,
tochi ya foni nditaitsamiritsa pachitini cha mchere,
ndinabaya, ndinakoka, ndinabaya.
Koma mafunde anakana.
Inatuluka mizere,
yokhota ngati ya kumunda kwathu kutsidya kwa Bua
pomwe bambo ankazembera chulu.
Ndinamasula kawiri.
Kachitatu ndinati basi, ikhale mizere.
Pamzere wachisanu ndi chiwiri pali kadontho kofiirira:
ndi chala changa chimenecho, tulo titandiba.

Zakeyu amapalasa kabaza.
Folo koloko m'mawa, mwezi wa Juni,
mphepo ikutsika m'phiri la Mchinji ngati ili ndi ngongole yoti itolere,
iye ali kale pamsewu wa kuboda,
malaya awiri opyapyala, nyuzipepala pachifuwa.
Fizi yanga yonse inatuluka m'akatumba a miyendo yake,
teremu ndi teremu,
mpaka satifiketi ili m'sutikesi iyi.
Zikomo sindinanenepo.
Kwathu mawu amenewo timauza alendo.

Ndinam'patsa ili m'jumbo yakuda.
Anapukuta manja pabuluku,
n'kuyendetsa chala chachikulu pamisoko
ngati akuwerenga ndalama zosakhala zake.
"Wagula zingati?"
Ndinanama.
"Ulusi wonsewu, iwe, sumagona?"
Anavala. M'mapewa inakhala bwino,
manja anaperewera pang'ono.
Anafunsa ngati madzi osamba atentha.

M'mawa mwake ndikupita kuchigayo
ndinamuona pasiteji, anzake akumuwowoza:
wavala chotembenuza!
Mfundo zanga zonse poyera,
pomwe ndinalumikiza ulusi utatha,
pomwe ndinadumpha ndi changu,
chigamba cha pachigongono chili yasa! ngati chilonda.
Masabata atatu, Zakeyu,
kuti anthu aone kuseri?

Anatsitsa phazi limodzi pansi.
"Fumbi la malole ukulidziwa.
Zoyerazo zikhale mkati muno,
ndizizimva pamsana."

Mayi wina wa dengu la tomato anakwera,
n'kugwira mpando ndi dzanja limodzi.
Belu linalira kawiri.
Ndinaima ndi thumba langa la chimanga pamutu
kuwayang'ana akuchepa mumsewu,
mayiyo maso ali pamsana pa mlongo wanga,
kuwerenga zolakwa zanga imodziimodzi
mpaka kuboda.